Ku Nyika: kugona pa Chelinda kapena kuuyamba wapansi wa ku Livingstonia?

Amene anafikako ku Chelinda akudziwa kuti chotopetsa ku Nyika ndi msewu. Kuchoka pa boma la Rumphi, kudzera ku Bolero, kulowa pa geti ya Thazima mpaka kukafika pa kampu ndi makilomita oposa 100, ambiri a fumbi ndi miyala, ndipo nthawi ya dzinja galimoto yaing'ono musayerekeze n'komwe. Ndiye munthu ukavutika chonchi n'kufika pamwamba uli ndi masiku atatu okha, uchite nawo chiyani? Ena amagona pa Chelinda pomwepo, n'kumatuluka m'mawa kubwerako madzulo. Ena amamanga zikwama n'kulowera kum'mawa wapansi, kukatulukira ku Livingstonia. Ine ndinachita zonse ziwiri, zaka zosiyana.

Ndiyambe ndi kugona pa Chelinda, chifukwa ndi kumene maso amadyerera. Paki ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965, n'kudzakulitsidwa mu 1978, ndipo ndi yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, masikweya kilomita oposa 3,000. Pamwambapo ndi zitunda za udzu waufupi mpaka pomwe diso lalekezera, moti nyama zilibe pobisala. Mbidzi, ntchefu, mphoyo ndi chilembwe mumaziona musanamalize n'komwe kapu ya tiyi. Chilembwe makamaka, nyama imene m'mapaki ena mungathe sabata osaiona, kuno imangoimirira m'mbali mwa msewu n'kumakuyang'anani ngati ndinu amene mwasochera. Kampuyo inatsamira nkhalango ya paini yomwe inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, ndipo chapafupi pali madamu atatu ofikirika wapansi.

Ubwino wake ndi woti tsiku lililonse mumasankha nokha. Kukacha kuli ngwee, pitani ku Nganda, nsonga yaitali kwambiri ya Nyika, mamita oposa 2,600. Galimoto imakufikitsani kufupi ndi tsinde, chotsala ndi kukwera pa udzu. Musaganize za Sapitwa wa ku Mulanje, pano palibe zokwawa ndi manja pamatanthwe, koma mpweya ndi wopepuka ndipo phuma limakuthera msanga. Kukakhala kopanda utsi, nyanja ya Malawi imaoneka kumunsi, ndi mapiri a ku Tanzania kutsidya. Tsiku lina tsikirani ku mathithi a Chisanga pa mtsinje wa North Rukuru. Potsika mumacheza n'kumaseka, pokwera pobwerera aliyense amakhala chete. Madzulo imani pa Kaulime, kanyanja kachilengedwe komwe makolo a kumeneko ankakalemekeza ngati malo a mizimu. Ndi kakang'ono, musayembekezere zambiri, koma nyama zimabwera kudzamwa. Okonda mbalame, zomwe m'pakimu zilipo mitundu yoposa 400, athamangire ku timankhalango ta Zovo Chipolo ndi Chowo kufupi ndi malire a Zambia.

Kuipa kwake nakonso kulipo. Zonsezi n'zotalikirana, ndiye theka la tsiku limathera m'galimoto, mafuta n'kumatsika mukuona. Pamwamba palibe pothira, dzazani ku Mzuzu kapena ku Rumphi ndipo tengani ena m'chigubu. Komanso kuzizira. Chelinda ili pa mamita oposa 2,000, ndipo mu June ndi July chisanu chimachita kuyeretsa udzu. Ine ndinachapa masokosi madzulo n'kuwayanika pa chingwe. M'mawa ndinawapeza atauma gwa ngati mlamba wowamba, ndinachita kuwawotha pamoto ndisanavale.

Wa ku Livingstonia ndi nkhani ina. Ndi ulendo wa masiku atatu, kugona m'matenti usiku uwiri, limodzi ndi msilikali wa zanyama wonyamula mfuti (nokha sakulolani) komanso onyamula katundu ngati mwakonza za iwo. Tsiku loyamba mumadula chidikha chomwe chija, koma wapansi chimasanduka china. Mumamva mphepo ikulira mu udzu, mumaona ndowe za fisi zoyera ngati choko panjira, mbidzi zimakuthawani pang'ono n'kuima n'kucheuka. Kenako dziko limayamba kutsetsereka, udzu umasanduka nkhalango, nkhalango n'kusanduka minda ya khofi ndi nthochi ya m'midzi ya Aphoka. M'mawa munali mutavala majuzi awiri, masana mukufuna mthunzi. Apa kachitumbuka pang'ono kamathandiza. "Monire" yekhayo amatsegula pakamwa pa anthu, nthochi n'kutuluka.

Mathero ake ndi osiririka. Mumalowa ku Livingstonia, pa Khondowe, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894 malungo atawasautsa ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Nyumba yamiyala imene ankakhala, Stone House, ilipobe ndipo muli zakale zosungidwa. Tchalitchi chachikulu chija chili ndi zenera la magalasi amitundu losonyeza David Livingstone. Mukatsika pang'ono mumafika pa mathithi a Manchewe, madzi ogwa mamita oposa 100, ndi phanga kuseri kwake komwe anthu akale ankabisalako adani. Kufika pamalo otere ndi miyendo yako kumakoma mosiyana ndi kutsika m'galimoto, zimenezo sinditsutsa.

Koma pali ziwiri zimene okamba za ulendowu amakonda kudumpha. Choyamba ndi maondo. Anthu amaopa chikweza, chonsecho chimene chimapha ndi chitsikira chotalika. Ine tsiku lachitatu ndinkatsika chammbali ngati nkhanu, zala za kumapazi zitamenya kutsogolo kwa nsapato mpaka chikhadabo chimodzi chinadzachoka patatha masabata. Chachiwiri ndi galimoto. Njirayi ndi yopita kokha. Ngati munabwera pa yanu, yatsala ku Chelinda, ndipo kuti mukaitenge muyenera kuzungulira kudzera ku Rumphi n'kukweranso msewu wa Thazima uja, tsiku lathunthu. Ife tinapangana ndi mnzathu wina kuti atitsitsire galimoto, iye n'kuchedwa tsiku limodzi, ndipo ndalama za malo ogona zinatuluka m'thumba lomwe linali litauma kale. Nyamanso mumaziona tsiku loyamba lokha, mukangoyamba kutsika zatha.

Kwa amene akupita koyamba, kapena ali ndi ana ndi achikulire, ine ndingati gonani pa Chelinda. Livingstonia simuitaya, ili ndi khomo lakelake: kuchokera ku Chitimba pa M1 pali msewu wa Gorodi wa makona okwana ngati 20, ndipo mutha kudzaikwera ulendo wina mukupita ku Karonga. Wapansi uja ndi wa gulu la anthu olimba miyendo amene sanabwere ndi galimoto yawo, ochita kukasiyidwa ku Chelinda n'kudzakwera basi ku Chitimba pobwerera. Akatero vuto lalikulu lija latha lokha.

Nyengo nayo imasankhira munthu. Kuyambira January mpaka March maluwa a m'tchire, kuphatikizapo ma orchid a mitundu yoposa 200, amakongoletsa chidikha chonse, koma njira zimaterera ndipo nkhungu imatha kutseka Nganda tsiku lonse, ndiye wapansi wa masiku atatu siwabwino. May mpaka July kumaoneka kutali, kuyenda n'kokoma, bola zofunda. Pofika September ndi October utsi wa moto wa tchire umaphimba nyanja.

Mukasankha Chelinda n'kutsala ndi tsiku, potsika khoterani ku Vwaza Marsh, sikutali ndi njira ya Thazima. Pa nyanja ya Kazuni pali mvuu, ndipo chilimwe njovu zimabwera kudzamwa. Juzi ija vulani, koma valani malaya a mikono yaitali osakhala akuda kapena abuluu, chifukwa kuli kashembe.