Ndalama za ulendo wa njinga: kulonjeza pa kilomita kapena kupereka kamodzi?

Tiyerekeze kuti mpingo ukupalasa njinga kuchoka ku Chipata kupita ku Katete, makilomita oposa 80 pa Great East Road, kuti upeze ndalama zofolera kalasi.

Wothandiza akalonjeza K5 pa kilomita, wopalasa wofika ku Katete wabweretsa K400 ndi kupitirira. Njira yolonjeza pa kilomitayi imalimbitsa miyendo, koma ndalama zimadziwika ulendo ukatha. Tcheni likadukira pa Mtenguleni, kapena dzuwa la Okutobala likam'gonjetsa munthu, lonjezo limachepa pomwepo. Chovuta kwambiri ndi kutolera: ulendo ukapita chidwi chimazirala, ndipo msungichuma amangomva "mubwere kumapeto kwa mwezi".

Njira inayo, wopalasa aliyense amauzidwa chiwerengero chimodzi, mwachitsanzo K1,000, choti chilowe pa Airtel Money kapena MTN sabata imodzi ulendo usanachitike. Malata mumawerengeratu. Koma mukakweza kwambiri chiwerengerocho, anyamata a njinga zonyamula anthu, akatswiri enieni pamsewu, amatsalira.

Ife tingasankhe yachiwiriyi. Powerengera ndalama zoti wopalasa aliyense abweretse, pa mtengo wa denga onjezani madzi, machubu, zigamba ndi mafuta a galimoto yoperekeza, kenako mugawe ndi opalasa amene atsimikiza, osati onse olembetsa.