Kawailesi ka sola kamene ndinagulira amayi m'nyengo ya kolona

Kawailesi kamene ndikukamba pano ndinakagula mu Epulo 2020 pa sitolo ina ya zamagetsi ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, ndipo kakhala m'manja mwa amayi anga kumudzi, kufupi ndi nyanja ya Chia m'boma la Nkhotakota, kwa nthawi yokwanira kuti ndinene mosakayika zimene kamachita bwino ndi zimene kamalephera. Ndi ka mtundu uja umene wadzaza m'misika yathu: ka pulasitiki, kotalika pang'ono kuposa chikhatho, kokhala ndi kasola kumsana, tochi kumbali, eriyo yokoka, polowetsa memore khadi ndi fulashi, ndiponso potchajira. Dzina limene linalembedwa pa bokosi silingathandize aliyense, chifukwa pa shelefu imodzimodziyo ndinaona mawailesi ofanana ndendende atalembedwa mayina osiyanasiyana. Wogulitsa anayambira pa K12,000 ndipo titanenerera tinagwirizana K10,500.

Chimene chinandifikitsa m'sitolomo chinali mawu amodzi amene amayi anandiuza pa foni. Pulezidenti Peter Mutharika atalengeza pa 20 Malichi kuti dziko lili pa ngozi, sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo pa 2 Epulo tinamva kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi matendawa ku Lilongwe. M'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo unaimitsidwa ndi bwalo lalikulu la milandu, kotero misika inapitiriza kudzaza ndipo asodzi anapitiriza kulowa m'madzi, koma ife ana tinawaikira amayi m'bindikiro wathuwathu, popeza anali atapitirira zaka 70, akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga, ndipo azaumoyo ankabwereza tsiku ndi tsiku kuti anthu otere ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Adzukulu awiri amene ankagona nawo anatengedwa ndi mlongo wanga. Kutchalitchi anasiya kupita, ku Chigwirizano cha amayi anasiya, ndipo ngakhale kumaliro tinawaletsa. Munthu amene kale ankadziwa amene wabadwitsa mwana, amene wagonekedwa kuchipatala ndi amene ukwati wake wagwedezeka m'mudzi monse anasanduka womva nkhani zitazizira kale. Tsiku lina madzulo ndinawafunsa kuti aswera bwanji, ndipo anayankha kuti, "Bambo, dzuwa likuchedwa kulowa masiku ano, moti ndayamba kucheza ndi nkhuku." Anaseka ponena zimenezi, koma ine sindinagone bwino usiku umenewo.

Pa nkhani yokoka masiteshoni, kawailesika sindikanyoza. M'mbali mwa nyanja kamagwira bwino MBC Radio 1, Zodiak ndi Nkhotakota Community Radio, ndipo mawu amamveka oyera malinga eriyo yakokedwa yonse. Kalibe galasi loonetsa manambala, munthu amangopotokola kagudumu mpaka atapeza chimene akufuna, ndipo poti maso a amayi anafooka, mwana wa mlongo wanga anadontheza kyuteksi wofiira pa malo atatu pamene masiteshoni awo amapezeka. Mbali yolembedwa SW, imene wogulitsa anaitama kuti imakoka mayiko akutali, sitinamvepo china koma mkokomo wonga wa mwera. Sipika yake ndi yamphamvu kuposa maonekedwe ake, ngakhale imanjenjemera mukakweza mpaka kumapeto, ndipo mphamvu imeneyi inagwira ntchito imene sindinaiganizire pogula: mayi wina wamasiye woyandikana nawo ankabwera ndi mkeka wake nthawi ya nkhani, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo pamene amayi ali pakhonde, ndipo awiriwa ankamvetsera pamodzi atatalikirana, kenaka n'kumakambirana mofuula zimene amva.

Ndinazindikira pang'onopang'ono kuti chimene kusungulumwa kunawalanda amayi sichinali mawu a anthu okha ayi, koma ndondomeko ya tsiku. Kale belu la tchalitchi, ana opita kusukulu ndi amayi anzawo odzawatenga kupita ku zipepeso ndiwo ankadula tsiku m'zigawo, ndipo zonsezi zitachoka, Lachiwiri linafanana ndi Lamulungu. Wailesi inabwezeretsa zigawozo. Ankadziwa kuti nkhani za m'mawa zikatha ndi nthawi yomwa mankhwala, kuti pulogalamu yopatsana moni ikayamba ndi nthawi yokavuula chinangwa chimene anaviika, ndi kuti Lamulungu m'mawa ayenera kusamba, kuvala chitenje chabwino ndi duku, n'kukhala pampando kutsatira mapemphero monga akanachitira ali pabenchi la kutchalitchi. Pa foni anayambanso kukhala ndi zondiuza, makamaka m'masabata a chisankho chobwereza cha pa 23 Juni, pamene ankanditsutsa pa ndale ngati munthu wochokera kumsonkhano.

Mauthenga a maliro ndiwo ankawamvetsera mwachidwi kuposa china chilichonse, ndipo poyamba zimenezi zinkandidetsa nkhawa. M'mwezi wa Ogasiti boma linakhwimitsa malamulo, kuvala masiki pagulu kunakhala kokakamiza ndipo pamaliro sankaloledwa anthu oposa 50. M'nyengo imeneyo ndi pamene anamva pa wailesi za imfa ya mnzawo amene anakula naye, amene anakwatiwa cha ku Dwangwa. Mlongo wanga anawapeza atayala mphasa m'nyumba, atamanga chitenje m'chiuno monga amachitira pa siwa, akuimba okha nyimbo za m'buku ndi mawu otsika. Anakhala motero mpaka dzuwa litapendeka, ndipo anati maliro a mnzawo awakhuza ndithu ngakhale sanaponde pabwalo pake. Popanda uthenga wa pa wailesi akanamva patapita sabata, manda atauma kale.

Komabe wogula ayenera kudziwa kuti kawailesi kamene kamachotsa kusungulumwa ndi komweko kamene kamalowetsa mantha m'nyumba. Mu Januwale 2021 mliri unabwerera mwaukali, ndipo pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, Pulezidenti Lazarus Chakwera n'kulengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Madzulo alionse ankawerenga chiwerengero cha odwala ndi omwalira, ndipo amayi anayamba kugona ndi wailesi ili chiyakire pafupi ndi mutu, akudzidzimuka pakati pa usiku kuti amve ngati kwafanso wina. Iwo ankati ngati matenda akutenga anthu okhala ndi madokotala pakhomo, nanga iwo wa kumudzi ndani. Kawailesika kalibe njira yoti kazime kokha pakapita nthawi, chinthu chimene ndikanakonda chikanakhalapo. Tinachita kupangana kuti nkhani azimvera kawiri kokha pa tsiku, ndipo kukada aziika memore khadi. Kumbali ina, wailesi yomweyo ndi imene inagonjetsa mphekesera zoopsa zimene zinkayenda m'mudzi zokhudza katemera, chifukwa atamva kuti a Chakwera abayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi 2021, patangopita masiku ochepa katemera woyamba wa AstraZeneca atafika m'dziko muno, amayi anandiimbira okha kufunsa tsiku limene adzapite kukabayitsa.

Polowetsa memore khadi ndi pamene pali phindu lenileni la kawailesika, ngakhale wogulitsa anapatchula mongodutsa. Mchimwene wanga anali ku Johannesburg, kumene m'bindikiro wokhwima unayamba kumapeto kwa Malichi 2020, ndipo foni ya amayi ndi yaing'ono ya mabatani, yosalandira WhatsApp, pamene kuimba kuchokera kunja kumadya mayunitsi mofulumira. Ndinaganiza zosonkhanitsa mauthenga a mawu ochokera kwa iye ndi kwa adzukulu onse n'kuwaika pa khadi. Ulendo woyamba ndinalephera, chifukwa kawailesika kamawerenga mafayilo a mp3, pamene mauthenga a mawu a pa WhatsApp amasungidwa mu mtundu wina wotchedwa opus, ndipo khadi itafika kumudzi inangokhala chete. Mnyamata wina wobena nyimbo pamsika ndiye anandimasula: anawasintha onse pa kompyuta yake kukhala mp3 ndipo analandira K500. Khadiyo ndinaikulunga m'pepala, n'kuiika mu envulopu pamodzi ndi ndalama ya sopo, ndipo kondakitala wa minibasi ya mumsewu wa M5 anakaisiya kwa mlongo wanga.

Zimene zinali m'khadimo sizinali zapamwamba. Mdzukulu wina ankawerenga manambala mpaka 20 n'kudumpha 17, wina ankadandaula kuti amayi ake sadziwa kuphika kondowole ngati agogo, ndipo mchimwene wanga ankafotokoza kuzizira kwa kumeneko ndi kulonjeza bulangete. Mlongo wanga akuti amayi ankaziseweretsa uku akusenda chinangwa, ndipo ankayankha liwu lililonse ngati mwini wake ali pomwepo: "Eya, mdzukulu wanga, wadumpha imodzi, bwerezanso." Mwezi uliwonse ndinkatumiza khadi ina ndipo yakale inkabwerera kuti ndiikemo zatsopano. Pali zovuta ziwiri zazing'ono pa mbali imeneyi. Mukazimitsa, kamayambiranso pa fayilo yoyamba, kotero uthenga woyambawo anaumva mwina kambirimbiri kuposa ena onse, ndipo mukasintha kuchoka ku FM kupita ku khadi, liwu la mzimayi limalankhula m'Chingerezi mokweza kwambiri, moti tsiku loyamba amayi anaponya kawailesiko pamphasa poganiza kuti wina walowa pa mzere. Vuto lalikulu ndi loti kalibe kojambulira mawu. Mayankho onse amene amayi ankapereka pakhonde paja sanafike kwa aliyense, ndipo ndikanadziwa ndikanawonjezera ndalama kugula ka mtundu wokhala ndi batani lojambulira, kuti khadi izibwerera kwa ife ili ndi mawu awo.

Kasola, kamene ndiko kanandikopa chifukwa kwathu kulibe magetsi, ndiko kanandikhumudwitsa kwambiri. Ndi kakang'ono moti ngakhale kakhale pa dzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mphamvu imene kamasonkhanitsa inkangokwana maola awiri kapena atatu a FM, ndipo kukakhala mitambo sikankachita kanthu. Choipa kwambiri n'chakuti kasolako kanamatidwa pa wailesi yeniyeniyo, kotero kuti utchaje uyenera kuika chipangizo chonse pa dzuwa, ndipo aliyense wodziwa kutentha kwa Nkhotakota mu Okutobala akhoza kulingalira zotsatira zake. Pulasitiki ya kumsana inapindika, ndipo pofika mvula yoyamba batire inali itafooka moti sinkathanso ola limodzi. Wokonza mafoni atatsegula anapezamo batire imodzi ya lithium ya mtundu wa 18650, yonga ija imapezeka m'matochi akuluakulu, ndipo anandifotokozera kuti mabatire otere amaonongeka msanga akamatenthedwa. Ubwino wake ndi woti imachotsedwa mosavuta ndipo ina ndinaigula K2,500. Kuyambira pamenepo tinasiyiratu kuanika wailesi. Ndinagula sola yapayokha yokhala ndi chingwe chachitali, imene imakhala padenga pamene wailesi ili m'nyumba pamthunzi, ndipo batire yachiwiriyo yakhalitsa kwambiri kuposa yoyamba. Zolembedwa pa bokosi zoti kamatchajanso foni musazitengere, chifukwa titayesa, wailesi inathima foni isanafike n'komwe pa theka.

Tochi yake ndi yowala bwino ndipo imakwanira kutulukira panja usiku. Eriyo inathyoka m'miyezi isanu ndi umodzi, koma waya wamba womangirira pa chitsa chake n'kukoleka ku phaso unagwira ntchito chimodzimodzi. Ponena za sitoloyo, wogulitsa anali waulemu, anali ndi ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo, ndipo anayesa mbali iliyonse ya wailesi ine ndikuona, koma lisiti sanapereke, ndipo lonjezo lake losintha katundu woonongeka linali la pakamwa ndi la sabata imodzi yokha. Nditabwerera ndi nkhani ya batire anangoti, "Akulu, dzuwa la kunyanja si ine ndinalipanga," ndipo pa mfundo imeneyo sindikanamutsutsa, ngakhale anali yemweyo amene anandiuza kuti tizikaanika tsiku lonse.

Kwa munthu amene ali ndi kholo lokalamba kapena wodwala wokhala yekha kumalo kopanda magetsi, ndikuvomereza kugula wailesi ya mtundu umenewu, koma awerengeretu ndalama ya sola yapayokha ndi ya makhadi awiri, afunse ngati batire imachotsedwa, ndipo asankhe yojambula mawu ngati aipeza. Kwa amene akufuna chotchajira foni kapena wailesi yokoka mayiko akunja, ndalama yake apite nayo kwina.

Adzukulu anabwerera kalekale ndipo amayi anayambiranso kupita ku Chigwirizano, koma kawailesika kakadali pa windo, kali ndi waya wake ndi madontho atatu a kyuteksi amene tsopano anazilala. Nditapita kukawaona posachedwapa ndinapempha khadi imodzi yakale kuti ndifufute zimene zilimo n'kuikamo nyimbo za kwaya, koma anakana kwamtuwagalu. Anati mnyamata amene ankadumpha 17 uja mawu ake anasintha, tsopano akulankhula ngati bambo, ndipo liwu lake laubwana silipezekanso kwina kulikonse koma m'khadimo. Anandituma kuti ndikagule ina ku Salima.