Fokasi tiike pati pojambula phiri: hyperfocal, pa phiri lenilenilo, kapena kuwirikiza mtunda?

Anzanga amene timajambula limodzi akhala akundifunsa funso limodzimodzi. Munthu waima m'munda wa tiyi ku Mulanje, masamba ali pafupi ndi mawondo, phiri lili uko, ndiye fokasi aiike pati kuti zonse zituluke bwino? Njira zimene anthu amakanganirana zilipo zingapo, ndipo ndinene poyera kuti ine ndili ndi mbali yanga. Manambala onse ndawerengera kamera imene ambiri tili nayo, ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) ya saizi yotchedwa APS-C ndi lenzi ya 18-55mm yobwera nayo m'bokosi.

Tichotse kaye yosathandiza. Lamulo lija lakuti fokasi izikhala pa gawo loyamba mwa magawo atatu a malo amene mukujambula limakwana pa mtunda umodzi wokha, kwina konse limaphonya. Komanso ngati phiri lili pa makilomita 10, ndani angaike fokasi pa makilomita 3 pofuna kupulumutsa tsamba lili pa mita imodzi? Lisiyeni.

Imene imatchuka kwambiri ndi hyperfocal, ndipo ndi imene ndili nayo chifukwa. Mfundo yake ndi yakuti pali mtunda winawake umene mukaikapo fokasi, chilichonse kuyambira theka la mtundawo mpaka kumene maso amalekezera chimaoneka bwino. Masamu ake ndi osavuta. Pa 18mm ndi f/8 (nambala ya kukula kwa kabowo kolowera kuwala mu lenzi: nambala ikakula, kabowo kamachepa), chulukitsani 18 ndi 18, mupeza 324. Gawani ndi 8, kenako ndi 0.02, mupeza mamilimita 2,025, kutanthauza mamita 2. Ndiye tebulo la manambala a hyperfocal limakuuzani kuti muike fokasi pa mamita 2, zonse zikhala bwino kuyambira pa mita imodzi mpaka pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje. Mukakokera lenzi pa 55mm, mtundawo umalumpha kufika pafupifupi mamita 19.

Vuto lagona pa 0.02 ameneyo. Nambalayi ndi kukula kwa chimbuuzi chimene tebulo limati diso silingachione, mamilimita 0.02 pa sensa. Muyeso umenewu ndi wa nthawi ya mafilimu, pamene ankaganizira chithunzi chotsukidwa cha mainchesi 8 ndi 10, munthu atachigwira m'manja. Lero kamera ya mamegapikiselo 24 ili ndi mapikiselo 6,000 m'litali mwa sensa ya mamilimita 23.5, choncho chimbuuzi "chovomerezeka" chija chimafalikira pa mapikiselo asanu. Ndipo chimagwera pati? Pa chinthu chakutali kwambiri, phiri lija mwadzukira m'bandakucha kuti mulijambule. Hyperfocal imaika phiri kumapeto kwenikweni kwa zimene imati ndi zabwino.

Zimenezi zinandipweteka ine m'thumba. Ndinagula pulogalamu ya pafoni yowerengera hyperfocal, yolipira m'madola, ndipo ndinaitsatira ndendende pojambula thanthwe la Chambe pa phiri la Mulanje m'mawa wina kopanda mtambo. Pa foni chithunzicho chinali chosiririka. Mwini loji wina anachifuna cha masentimita 90 m'litali kuti achipachike polandirira alendo. Titachitsukitsa, tsamba lililonse la tiyi linkaoneka ndi mitsempha yake yomwe, koma ming'alu ya pa thanthwe inali itasungunuka, mitengo ya m'mbali mwake itangosanduka mabala obiriwira. Bamboyo anachiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Kodi kunali nkhungu tsiku limeneli?" Sanachitenge, ndipo ndalama yotsukitsira inathera pa ine. Pulogalamu ija sinanene paliponse poonekera kuti manambala ake ndi a chithunzi chaching'ono.

Pali chinanso chimene matebulo sanena. Lenzi ya 18-55mm ilibe manambala a mtunda pathupi pake, ndiye mamita 2 aja mumangoyeza ndi maso. Mukaphonya pang'ono n'kuika fokasi pa mamita 1.5, malire akutali sakhalanso pa phiri, amagwa kufika pa mamita 6 okha. Zili ngati ndowa yodzaza mpaka pakamwa: mukangopunthwa pang'ono, madzi atayika.

Njira imene ndimaikonda ndi imene ena amainyoza kuti ndi ya ongoyamba kumene: kuika fokasi pa phiri lenilenilo. Amati mukatero mumataya zapafupi. N'zoona, koma mumataya zochuluka bwanji? Pa 18mm ndi f/8 yomweyo, zinthu zimayamba kuoneka bwino kuyambira pa mamita 2 m'malo mwa mita imodzi. Mwataya mita imodzi basi. Ndipo ngati mwaimirira, kamera ili pamaso yolunjika kutsogolo, nthaka yoyamba kulowa m'munsi mwa chithunzi imakhala kupitirira mamita 3 kuchokera pamene mwaima. Mita munatayayo simalowa n'komwe m'chithunzi, koma phiri latuluka ndi zonse zimene lenzi yanu ingathe. Chenjezo ndi limodzi: musangopotokola lenzi mpaka kumapeto poganiza kuti pamenepo ndiye pakutali, chifukwa malenzi ambiri a autofocus (odziikira okha fokasi) amapitirira, chithunzi chonse n'kukhala chimbuuzi. Yatsani live view (kuonera pa sikirini ya kumbuyo kwa kamera), kulitsani pamene thanthwe lakumana ndi thambo, ikani fokasi pamenepo, kenako tembenuzirani ku manual (fokasi yoika ndi manja) kuti isasunthe.

Nanga mukagwada pansi, bwato kapena mwala uli pafupi ndi lenzi? Apa mpamene kuwirikiza mtunda kumagwira ntchito. Onani chinthu chapafupi kwambiri chimene chalowa m'chithunzi, yezani mtunda wake ndi mapazi, ndipo ikani fokasi pa mtunda wowirikiza kawiri. Tinene kuti muli pa mchenga ku Cape Maclear, mphuno ya bwato ili pa mamita 1.5, chilumba cha Thumbi chili patsogolo. Fokasi ipite pa mamita 3. Pamenepo bwato ndi chilumba zimagawana chimbuuzi mofanana, ndipo pa f/11 chimbuuzicho chimangokhala mamilimita 0.01, theka la chimene tebulo lija limalola. Ena anena kuti imeneyi ndi hyperfocal yomweyo. Ubale ulipodi, koma kusiyana kwake n'kwakuti apa mukuyambira pa chimene chili pamaso panu, osati pa nambala ya m'foni, ndipo bwato likakhala patali fokasi nayonso imasunthira kutali, phiri kapena chilumba n'kupindula.

Amene amangotseka lenzi mpaka f/22 kuti asavutike kuganiza amalipira kwina. Kuwala kukadutsa pa kabowo kakang'ono choncho kumamwazika, chithunzi chonse chimafewa, ndipo kafumbi kalikonse kali pa sensa kamatulukira pathambo ngati kadontho. Ndi fumbi la m'misewu yathuyi, madonthowo sachepa. Pa APS-C ine sindipitirira f/11.

Yotsala ndi focus stacking, kujambula zithunzi zingapo fokasi ili malo osiyanasiyana n'kuziphatikiza pa kompyuta. Pa miyala yosagwedezeka palibe njira yoiposa. Koma imafuna tripod (chokhazikapo kamera cha miyendo itatu) ndi nthawi, ndipo mwera ukayamba kuwomba kunyanja mu June ndi July, mafunde ndi bango zimasuntha pakati pa chithunzi ndi chinzake, zolumikizira n'kumaonekera. Mapulogalamu ena ophatikizira amafunanso ndalama yakunja mwezi ndi mwezi, chinthu chimene wokuphunzitsani njirayi satchula kawirikawiri.

Choncho kwa ine, ngati palibe chinthu chofunika pafupi kuposa mamita 3 ndili pa 18mm, fokasi imapita pa phiri. Chikakhalapo, ndimawirikiza mtunda n'kutseka kufika f/11. Mukafuna kuyesa nokha njirazi, musayese mu September kapena October, pamene utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri, chifukwa phiri lidzatuluka lofewa pa njira iliyonse ndipo mudzaimba mlandu fokasi. Dikirani m'mawa wa mu May, kapena tsiku lotsatira mvula yamphamvu, mujambule malo amodzi katatu (ndi hyperfocal, ndi fokasi pa phiri, ndi kuwirikiza mtunda), kenako mukulitse pa kompyuta pomwe pali thanthwe.