Ndemanga: Swamp Thing ya Len Wein ndi Bernie Wrightson, buku loyamba

Nyenyezi 4 mwa 5.

Buku limene ndikukambali ndi Swamp Thing: The Bronze Age, Volume 1, la chikuto chofewa, lochokera ku DC Comics. Ndinaliitanitsa pa intaneti, ndaliwerenga lonse, ndipo masamba ena ndimabwererako mpaka pano. M'katimo muli kankhani ka m'magazini ya makomiki ya House of Secrets nambala 92 ka chaka cha 1971, kenako manambala 13 oyambirira a Swamp Thing amene anayamba kutuluka mu 1972. Wolemba onsewo ndi Len Wein. Manambala 10 oyamba anajambula ndi Bernie Wrightson, atatu otsalawo anajambula ndi Nestor Redondo wa ku Philippines. Lonse ndi la m'Chingerezi.

Ndinene pachiyambi pompano kuti ngati mukufuna buku lokusowetsani tulo ndi mantha, ili si limenelo. Zilombo zilimo zambiri ndithu, koma chimene chimakugwira pamtima ndi chisoni cha munthu amene nzeru zake zonse zilipo, akukumbukira dzina lake, akukumbukira mkazi wake, koma thupi lasanduka matope ndi mizu, ndipo pakamwa pakukanika kutulutsa mawu oti anthu amuzindikire.

Kankhani ka 1971 kali ndi masamba 8 okha, koma zonse zili momwemo. Wasayansi wina, Alex Olsen, ali ndi mnzake Damian Ridge amene akusirira mkazi wake, Linda. Damian akonza zoti labotale iphulike, akakwirira mnzakeyo kudambo, n'kukwatira mkazi wamasiyeyo. Usiku umene waganiza zopha Linda poopa kuti wayamba kumukayikira, chinthu chamatope chilowa m'nyumba n'kumupha iyeyo. Kenako chitembenukira kwa Linda. Chikufuna kunena kuti ndine mwamuna wako, koma mawu sakubwera, ndipo Linda akungoona chilombo. Chibwerera kudambo chokhachokha. Ndinatseka kaye bukulo nditafika pamenepa. Mayi amene ali pachikuto cha nambala imeneyi Wrightson anamujambula poyang'ana Louise Jones, yemwe pambuyo pake anatchuka ndi dzina loti Louise Simonson polemba makomiki iye mwini.

Kankhaniko katayenda bwino pamsika, Wein ndi Wrightson anayambanso nkhaniyo mwatsopano, pansi pa mkonzi Joe Orlando, n'kuibweretsa m'masiku awo. Tsopano ndi Alec Holland ndi mkazi wake, Linda yemweyo dzina, asayansi awiri amene boma lawabisa m'madambo a ku Louisiana kuti amalize mankhwala okulitsa zomera mofulumira, oti ngakhale chipululu chimere. Gulu lachifwamba lotchedwa Conclave likuwafuna mankhwalawo. Alec akana, iwo atchera bomba, ndipo iye athamangira kudambo moto uli lawilawi thupi lonse, mankhwala aja atamukhuthukira. Linda aphedwa mu nambala yoyamba yomweyo. Ndiye Matt Cable, munthu wa boma amene anatumidwa kudzawateteza, aganiza kuti chilombocho ndicho chapha anzakewo, n'kuyamba kuchisaka dziko ndi dziko. Akusaka munthu yemweyo amene akumulira. Apa Wein anaganiza bwino kwabasi, chifukwa nthawi iliyonse awiriwa akakumana, wowerenga umalakalaka kukuwa m'malo mwa Holland.

Koma ndalama yanu mukulipira makamaka chifukwa cha dzanja la Wrightson. Anabadwa mu 1948, kutanthauza kuti ankajambula zimenezi asanakwanitse n'komwe zaka 26, ndipo n'zovuta kukhulupirira. Taonani mmene anaipangira nkhope ya chilombochi. Mphumi yalendewera pamwamba pa maso ofiira, mphuno ngati palibe, khungu latsika kuchokera pakati pa maso n'kudzazungulira pakamwa ngati lasungunuka. Mizu yayanga pachifuwa ndi m'mikono ngati misempha. Mapewa ndi aakulu koma akugwa, ndipo chimayenda ngati munthu wochokera kumanda kokaika wakwawo. Inki yakuda saiumira ayi. Theka la tsamba limatha kukhala bii, n'kungosiya kuwala pang'ono m'mbali mwa tsaya kapena pa mtengo wovunda, ndipo diso lako limapita pomwepo iye akufuna. Mitengo ya m'dambo, ndere zolendewera m'nthambi, miyala ya nyumba zakale, nsalu zopindikapindika, zonse anazijambula mosathamanga. Amene anaonapo zojambula za Graham Ingels wa makomiki oopsa a kampani ya EC a m'ma 1950 azindikira kumene Wrightson anaphunzira kuvunda kotereku. Amene anaona zithunzi zake za m'buku la Frankenstein za 1983 aona pano pamene luso lija linayambira.

Nambala 2 ndiye imene ndaikonda koposa. Nkhalamba ina yamatsenga, Anton Arcane, ituma zolengedwa zake zopunduka, ma Un-Men, kukagwira chilombocho n'kupita nacho kunyumba yake yamalinga kumapiri a ku Balkan. Arcane ali ndi chimene Holland akufunitsitsa: angathe kumubwezera thupi la umunthu, iye n'kutenga thupi lamatopelo limene silikalamba. Holland avomera, ndipo kwa masamba angapo ali munthu, ali ndi khungu, akulankhula. Kenako amva zimene nkhalambayo ikufuna kuchita ndi mphamvu zimenezo, ndipo ndi manja ake omwe aononga matsengawo n'kubwerera m'matope. Palibe womukakamiza, palibenso amene adzamuthokoze. Nkhani ikadali pa nambala yachiwiri, koma wolemba wamupatsa kale munthu wake chimene akulira, n'kumuchititsa kuti achitaye yekha. Olemba ambiri akanasunga zimenezi mpaka kumapeto.

Nambala 6 nayo imapweteka. Holland afika m'katauni ka ku Vermont komwe katswiri wina wa mawotchi wadzaza ndi anthu opanga, otengera nkhope za anthu amene anamwalira, ndipo pakati pawo pali Alec Holland ndi Linda. Akudziona yekha ali bwinobwino, ali ndi mkazi wake pambali, pamene iye mwini waima apo ndere zili thupi lonse.

Enawo ndingowatchula mwachidule. Nambala 3 ikubweretsa Abigail Arcane ndi Patchwork Man, munthu wosokererasokerera amene ndi bambo wake wa Abigail koma mtsikanayo sakudziwa. Nambala 4 ili ku Scotland ndi munthu wosanduka mmbulu. Nambala 5 ndi ya anthu a m'tauni ina ku Maine amene akufuna kuotcha mtsikana pomunamizira ufiti, ndipo ndi momwe timaona koyamba mkono wa chilombochi ukudulidwa n'kumeranso. Nambala 7 akumana ndi Batman ku Gotham, ndipo Batman wa Wrightson, ndi chinsalu chake chachitali chija, ndi mmodzi mwa okongola amene ndinaonapo.

Pa nambala 10 mtima wanga uli pawiri. Arcane abweranso, ndipo nkhondo yawo ichitikira pafupi ndi manda a akapolo, pamene mayi wina wokalamba wachikuda wafotokoza za nkhanza za mwini munda wakale. Mizimu ya akapolowo idzuka n'kuthana ndi Arcane. Ndinakondwa kuti bukuli silinaiwale kuti madambo a kumwera kwa America ali ndi mafupa a anthu a ku Africa, ndipo zojambula za mizimuyo n'zamphamvu. Komabe anthu amenewa akubwera m'nkhani atafa kale, agwira ntchito yawo usiku umodzi, n'kuzimiririka. Ndikanakonda akanapatsidwa malo okulirapo ali amoyo.

Chimene chandichotsetsa nyenyezi imodzi ndi kayendedwe ka nkhani. Mu 1971 bungwe la Comics Code Authority, limene kuyambira 1954 linkaletsa zambiri zoopsa m'makomiki a ku America, linafewetsa malamulo ake n'kulola zilombo zakale monga anamapopa ndi anthu osanduka mimbulu. Zikuoneka kuti Wein ndi Wrightson anasangalala nazo kwambiri, moti nambala iliyonse ili ndi chilombo chake: lero mmbulu, mawa mfiti, mkuja cha mumgodi, kenako chochokera kumlengalenga. Anthu a nthawi imeneyo ankadikira miyezi iwiri kuti nambala ina ituluke, ndiye sizinkatopetsa. Ukamawerenga motsatizana m'buku limodzi umayamba kudziwiratu mmene zithere. Mawu ofotokozera a Wein nawonso nthawi zina amachuluka, akunena zimene chithunzi chanena kale, ndipo Chingerezi chake n'chokometsera mwakale, moti mwana wa sekondale angafunike dikishonale pafupi. Abigail, amene m'zaka za kutsogolo anadzakhala mzati wa nkhani yonse, pano ntchito yake yaikulu ndi kuyenda pambuyo pa Cable ndi kupulumutsidwa. Redondo ndi katswiri, nkhope zake n'zosalala ndipo masamba ake ndi aukhondo, koma ukhondowo ndiwo vuto. Dambo lake silinunkha ngati la Wrightson.

Pali mkangano umene okonda makomiki sautopa nawo, woti ndani anabera mnzake pakati pa makampani a DC ndi Marvel. Man-Thing wa Marvel anatuluka mu Savage Tales nambala 1 ya May 1971, ganizo lili la Stan Lee ndi Roy Thomas, wolemba Gerry Conway, wojambula Gray Morrow. Naye ndi wasayansi, Ted Sallis, amene anagwera m'dambo ku Florida ali ndi mankhwala m'thupi. Swamp Thing anatsatira ndi deti la July chaka chomwecho. Chokometsa mkanganowo n'choti Wein ndi Conway ankakhala nyumba imodzi, ndipo Wein ndi amene analemba nkhani yachiwiri ya Man-Thing. Nkhaniyi sinafike kukhoti, ndipo ine ndikuona kuti sikanapita patali, chifukwa dambo limeneli linali ndi eni ake kale. Theodore Sturgeon analemba nthano yake ya It mu 1940, ya chinthu chomera pa mafupa a munthu wakufa. Mu 1942 Harry Stein ndi Mort Leav anatulutsa The Heap mu Air Fighters Comics nambala 3, woyendetsa ndege wa ku Germany amene anagwera m'dambo ku Poland pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1944 Alfred Bester ndi Paul Reinman anabweretsa Solomon Grundy, chilombo cha m'dambo lotchedwa Slaughter Swamp. Onsewa ndi pachibale.

Kusiyana kwake ndi kumene kumandichititsa kusankha wa Wein. Man-Thing alibe nzeru, Ted Sallis anatheratu m'kati mwake. Amangomva zimene ena akumva mumtima, ndipo amene ali ndi mantha amapsa akakhudzidwa naye. N'chifukwa chake Steve Gerber, amene anamulemba bwino koposa, ankamuika pambali n'kumafotokoza za anthu omuzungulira. Swamp Thing ndi wosiyana kotheratu: m'mutu zonse zili bwino, timawerenga maganizo ake tsamba lililonse, ndipo tikudziwa zimene akanayankha akanakhala kuti angathe. Wina ndi galasi loonera anthu ena, wina ndi mkaidi. Ine mkaidiyo ndi amene ndimamumvera chisoni.

Ambiri amayamba Swamp Thing ndi Alan Moore, amene anatenga nkhaniyi mu 1984 pa nambala 20 ya Saga of the Swamp Thing, pamodzi ndi ojambula Stephen Bissette ndi John Totleben. Amene anamuitana Moore kuchokera ku Britain ndi Wein yemweyu, pa nthawiyo ali mkonzi. Ngati simunawerenge nambala 21 ndipo simufuna kuuzidwiratu, lumphani ndime ino. Mmenemo zimadziwika kuti Alec Holland anafa tsiku la bomba lomwelo, ndipo chimene chinatuluka m'dambo ndi zomera zimene zinatenga maganizo ake ndi zonse zimene ankakumbukira n'kumadziyesa munthu. Palibe thupi loti abwerereko. Anthu amayamikira nzeru za Moore pamenepa, ndipo n'zoyenera. Koma nkhonya imeneyi imapweteka pokhapokha ngati unayenda naye Holland ku Balkan, ku Vermont ndi ku Gotham ukukhulupirira limodzi naye kuti tsiku lina adzachira. Amene sanawerenge za Wein ndi Wrightson amangoti ganizo labwino. Amene anawerenga amamva ngati awauza za maliro. N'chifukwa chake ndikuti gulani ili poyamba, la Moore pambuyo.

Wrightson anamwalira mu March 2017, Wein mu September chaka chomwecho. Dzina la Wein ambiri amalidziwa chifukwa cha Wolverine, ngwazi ya m'makomiki a Marvel imene iye anathandiza kuyambitsa, koma kwa ine ntchito yake yochokera pansi pa mtima ndi imene ili m'buku lino.

Kwa makolo ofuna kugulira ana: magazi si ambiri, zamaliseche mulibe, koma muli imfa, zolengedwa zopunduka ndi nkhani zamatsenga, ndiye ndi la achinyamata osinkhukirapo ndi akuluakulu. Kwa amene mukuphunzira kujambula, manambala 10 a Wrightson ndi sukulu yokwanira ya kagwiritsidwe ntchito ka mdima ndi kuwala, ndipo muziwerengera pamalo owala bwino kuti timizere take tisakupiteni. Buku lachiwiri la mndandandawu sindinagule, popeza Wrightson mulibe ndipo Wein anasiya kulemba pa nambala 13.