Chithunzi cha Nzinga chimene ndinapentetsa pamsewu wa Ku Chawe

Ndinakatenga chithunzi changa Loweruka, patapita masabata asanu m'malo mwa awiri amene tinapangana. Ndayambira pamenepo kuti ofuna kumuyesa mnyamata wopenta zithunziyu mudziwiretu: luso ali nalo, koma nthawi sasunga. Amapezeka pakati pa ogulitsa ziboliboli mukamakwera msewu wa Ku Chawe, ndipo zambiri zimene amapenta ndi njovu, amayi osenza mitsuko ndi dzuwa likulowa panyanja, zokopa alendo odzaona malo.

Ine ndinkafuna china. Ndaphunzitsa mbiri yakale kusekondale zaka zambiri, ndipo pakhoma la pabalaza panga ku Matawale ndinkafunapo Nzinga, mfumukazi ya Ndongo ndi Matamba, kumene lero ndi Angola. Ndinamufotokozera za tsiku limodzi lokha. Mu 1622 mlongo wake, mfumu Ngola Mbandi, anamutuma ku Luanda kukakambirana zamtendere ndi bwanamkubwa wa Apwitikizi, João Correia de Sousa. Bwanamkubwa anadzikhalira pampando, mlendoyo n'kumusiyira mphasa pansi. Nzinga anakodola wantchito wake, wantchitoyo anagwada n'kutsamira manja pansi, ndipo iye anakhala pamsana pake kuti maso ake alingane ndi a mzunguyo.

"Madamu, chimenecho n'chophweka," anatero mnyamata uja, n'kulandira K20,000, theka la mtengo.

Choyamba chimene anandionetsa chinandiwawa. Nzinga anali kamtsikana kosalala nkhope, kovala chisoti chagolide ngati cha pamakadi a njuga. Chonsecho nthawi imeneyo n'kuti akuyandikira zaka 40. Ndinamukhazika pansi ngati mwana wa Fomu 3. Ndinati achimwene, mayi ameneyu analowa ufumu mu 1624 mlongo wake atamwalira, Apwitikizi anamuthamangitsa n'kuika mfumu yawo, iye anakalanda Matamba, anagwirizana ndi Adatchi amene analanda Luanda mu 1641, anagonjetsa Apwitikizi ku Kombi mu 1647, ndipo ngakhale Luanda inabwerera m'manja mwa Apwitikizi chaka chotsatira, sanagwade mpaka pangano la 1656 limene linamasula mng'ono wake Barbara m'manja mwa Apwitikizi. Anamwalira mu 1663 ali ndi zaka pafupifupi 80. Nkhope imeneyo ionekeko kuti ikhoza kusenza zonsezi.

Koma chimene tinakanganirana kwambiri ndi wantchito uja. Anangomupaka penti yofiirira, wopanda nkhope, ngati chitsa. Ndinakana. Nzinga sanali mngelo ayi. Akapolo ogwidwa kunkhondo ankagulitsa, kwa Apwitikizi ndi kwa Adatchi omwe. Ana anga a sukulu ankaombera m'manja pa nkhani ya mpando ija, palibe ankafunsa za msana umene unakhalidwa. Mnyamatayo anang'ung'udza za mtengo wa penti, ndinawonjeza K5,000.

Apa m'pamene ndimuyamikire. Chachiwiri chinatuluka bwino kuposa mmene ndinafotokozera. Chisoti anachichotsa, Nzinga anamupatsa masaya olimba ndi maso osaphethira, bwanamkubwa anamupenta atapendekeka pang'ono ngati munthu amene mawu amuthera. Wantchito uja anamupenta atatembenuza mutu wake kuti aziyang'ana iwe woonera, mitsempha ya m'manja itatukuka. Zimenezo sindinamuuze ine. Anawonjezanso nkhwangwa yankhondo pambali pa mfumukazi. Pa zokambirana zamtendere siyenera kukhalapo, koma poti kunkhondo ankainyamuladi, ndinaisiya.

Felemu ndiye ayi. Matabwa ake anali osauma, ndipo ndi chinyontho cha kuno ku Zomba ngodya imodzi yayamba kale kupindika. Mukapentetsa kwa iyeyu, tengani nsalu yokha mukapereke kwa kalipentala wanu, ndipo musamalize kulipira musanaone chithunzi ndi maso anu. Muzipitakonso pafupipafupi, chifukwa foni yake imakhala yozima pamene mukumufuna.

Mdzukulu wanga atachiona anaima kaye, kenako anafunsa ngati mayi wapansiyo anadzadzuka. Ndinamuuza kuti akhale pampando, nkhani yake ndi yaitali, ndipo tinayambira pa mphasa ija.