Sewero la mawu kapena la nyimbo?

Okonda zisudzo sagwirizana pa nkhaniyi. Ena amati sewero lenileni ndi lija la mawu okhaokha, monga ankachitira a Du Chisiza Jr. ndi gulu lawo la Wakhumbata, kapena a Kwathu m'Chichewa chathuchi. M'menemo wosewera alibe pobisala. Akakalipa, holo yonse imangoti zii. Akaponya mwambi wobaya andale, anthu amakodolana, "Mwamva, achimwene?" Mpando umodzi ndi tebulo, basi nkhani yayenda.

Ena mtima wawo uli pa sewero loimba ndi kuvina, ngati Sarafina! ya Mbongeni Ngema, nkhani ya ana asukulu a ku Soweto ku South Africa olimbana ndi ulamuliro wa tsankho, yomwe inayamba kuonetsedwa ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987. Iwowa amati nyimbo imafika pomwe mawu alephera, ndipo ululu wa ana a ku Soweto unamveka ngakhale kwa osadziwa Chizulu. Otsutsa amadandaula kuti nkhani ikangofika pogwira mtima, osewera amaidula n'kuyamba kuvina.

Ine ndili mbali ya mawu. Sewero loimba limalira oimba, zoimbira, zokuzira mawu ndi magetsi osazimazima, ndipo zonsezi zimakweza mtengo wa pakhomo. La mawu limatheka ngakhale m'holo ya pasukulu masanasana.