Windows pa SSD, mafayilo pa hadi disiki: njira zinayi zomwe ndayesa kuno ku Angonia

M'mawa ndikatsegula kashopu kanga kolembera makalata ndi kupanga fotokope kuno ku Ulongwe, ndinkayamba ndi kuyatsa laputopu, kenako n'kusesa pakhonde, kupukuta fumbi pa printa, ndipo pobwerera ndinkapeza kabwalo ka Windows kakadazungulirabe. Mayi wofuna kulembetsa requerimento, kalata yopemphera chinthu ku ofesi, ali chilili pakhomo, ine ndikungoti "dikirani pang'ono amayi, ikudzuka." Ndikatsegula Task Manager, kapena Gestor de Tarefas kwa inu amene Windows yanu ili m'Chipwitikizi, yomwe imaonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, pamzere wa disiki pankangolembedwa 100% ngakhale sindinatsegule pulogalamu iliyonse. Mukaona zimenezo, musathamangire kunena kuti kompyuta yakalamba. Nthawi zambiri wolakwa ndi hadi disiki, chipangizo chosungira Windows ndi mafayilo mkati mwa kompyuta.

Pa vutoli pali njira zinayi, ndipo yoyamba ndi yongoisiya mmene ilili. Mkati mwa hadi disiki muli timbale tachitsulo tozungulira ka 5400 pa mphindi m'malaputopu ambiri, kapena ka 7200 m'makompyuta a patebulo, ndi kamkono kowerenga komwe kamayandama pamwamba pake. Ikakopera fayilo imodzi yaikulu imayenda bwino ndithu, mwina 100 MB pa sekondi. Vuto ndi loti Windows siwerenga fayilo imodzi. Imatola timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndipo kamkono kaja kamangothamanga uku ndi uku ngati mwana wotola mtedza wotayika m'fumbi. Ubwino wake ndi umodzi wokha: malo ambiri pa ndalama zochepa. Kwa amene amakopera anthu nyimbo ndi mafilimu pa memore khadi, malowo ndiye bizinesi yonse.

Koma hadi disiki ili ndi mdani amene ife kuno timamudziwa bwino: msewu. Yanga yoyamba inafa nditanyamula laputopu ili chiyakire m'chikwama panjinga yamoto, ulendo wa ku Domwe. Nditafika inayamba kulira "tcha, tcha, tcha", ndipo zithunzi za ukwati wa mlamu wanga zinathera pomwepo. SSD, chosungira mafayilo cha mtundu watsopano, ilibe chozungulira. Ndi timatchipi tokhatokha, choncho mabampu a chapa (minibasi) saidetsa nkhawa.

Njira yachiwiri ndi kuchotseratu hadi disiki n'kuika SSD ya SATA (mtundu wa khomo lomwe hadi disiki imalumikizidwapo), ya mainchesi 2.5, pamalo pomwepo. Imalowa pa waya womwewo, zomangira zomwezo. Pa SATA III imafika pafupifupi 550 MB pa sekondi, koma nambala imeneyo si imene mudzaimve m'manja. Chomwe mudzaone ndi choti Word ikutseguka musanachotse chala pa mbewa. Batire limakhalitsako pang'ono, phokoso palibe. Chovuta ndi malo. SSD ya 1 TB imaluma thumba, ndipo ambiri timathera pa 240 kapena 256 GB. Ya 120 GB ndikukuletsani, abale. Windows 11 payokha imafuna disiki ya 64 GB kupita m'mwamba, ndiye muonjezere Office, madalaivala a printa ndi zosintha zomwe zimabwera mwezi uliwonse, posachedwa mzere woonetsa kudzaza kwa disiki ufiira.

Njira yachitatu ndi imene ndikugwiritsa ntchito lero, ndipo ndi imene ndimauza aliyense wobwera kudzafunsa. SSD yaing'ono isunge Windows ndi mapulogalamu, hadi disiki yakale isunge mafayilo. Pa kompyuta ya patebulo n'zosavuta, mungofuna waya wina wa SATA. Pa laputopu yakale mumachotsa chowerengera DVD, chomwe mwina papita zaka musanachitsegule, n'kuika kabokosi kotchedwa caddy, hadi disiki n'kulowa m'menemo. Muyeze kaye: pali caddy ya 9.5 mm ndi ya 12.7 mm. Ine ndinaitanitsa yolakwika kudzera kwa mnzanga amene amapita ku Tete, ndipo inakhala m'dirowa miyezi iwiri. SSD muiike pamalo pamene panali hadi disiki, osati mu caddy, chifukwa pa malaputopu ena khomo la DVD ndi lochedwerapo.

Posamutsira Windows ku SSD, mungathe kukopera disiki yonse ndi pulogalamu ya Clonezilla, koma ine ndimakonda kuika Windows yatsopano kuchokera pa flash. Kusamuka ndi zinyalala zonse za m'nyumba yakale kulibe phindu. Poika Windows, hadi disiki yakale muyambe mwaichotsa, apo ayi mafayilo oyatsira amatha kukalembedwa kumeneko, ndipo tsiku limene idzafe kompyuta sidzayakanso ngakhale SSD ili bwinobwino.

Yachinayi ndi SSD ya mtundu wa NVMe, kakang'ono ngati chingamu, kolowa pa khomo la mkati mwa kompyuta lotchedwa M.2. Pa khomo la mtundu wa PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3500 MB pa sekondi. Ngati laputopu yanu ili ndi khomolo, gulani imeneyo, hadi disiki itsale pamalo pake, caddy osafunikanso. Koma musaivutikire. Polemba kalata kapena kutsegula Facebook, kusiyana kwake ndi SSD ya SATA n'kovuta kukuona, ndipo ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha. Kuno kumapiri kumazizira, koma anzathu a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, aganizirepo. Onaninso kuti si khomo lililonse la M.2 limalandira NVMe, ena ndi a SATA.

Anthu amandifunsa ngati SSD sikutha msanga. Ili ndi malire olembapo, inde. SSD ya Kingston A400 ya 240 GB, opanga ake analemba kuti imapirira kulembedwapo 80 TB, ndipo kashopu ngati kanga katha zaka zambiri kasanafikepo. Chomwe chimandiopsa ine n'china: hadi disiki kawirikawiri imadwala kaye, kulira ndi kuchedwa, pamene SSD imatha kungozima lero osatsanzika. Magetsi akamathimathima nthawi ya mvula, zonse ziwiri zili pangozi, choncho makalata a makasitomala ndimawakopera pawiri. Mukamagula ya kaunjika, kaya ku Zobue kaya kwa wina wochokera ku Lilongwe, itsegulireni pomwepo mu pulogalamu ya CrystalDiskInfo muone maola amene yagwira ntchito. Zabodza ziliponso, zolembedwa 1 TB pachikuto koma mkati muli kochepa.

Dziwaninso kuti SSD sichiza zonse. Ngati RAM, malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwira, ndi 4 GB ndipo mumatsegula masamba khumi pa Chrome, kompyuta idzatsamwabe, ndipo intaneti ikachedwa imachedwa basi. Ndalama zikakwana chimodzi chokha, yambani ndi SSD ya 240 GB, RAM idikire mpaka mutagulitsa mbatata ya kachewere.